Injini ya Watt yauma gwa pa FreeCAD, ndalakwitsa pati?

Fitala_wa_ku_Bangwe

Akuluakulu, ndakupezani ndi vuto lomwe landisowetsa tulo kwa masabata awiri tsopano.

Ine ndine fitala. Ndaima pa lathe zaka zoposa 30. Pano ndinapuma, koma ndili ndi kashedi kuseri kwa nyumba komwe anyamata atatu amabwera kudzaphunzira ntchito. Mwana wanga wamkazi anandisiyira laputopu yake yakale ataikamo FreeCAD, pulogalamu yojambulira zidutswa za makina pa kompyuta, ndipo kuyambira chaka chatha ndakhala ndikudziphunzitsa madzulo, magetsi akakhalapo. Ndinayamba ndi bawuti ndi nati. Kenako ndinaphwasula vaisi ya pabenchi panga, kuyeza chidutswa chilichonse ndi veniya, n'kuimanganso pa kompyuta mpaka chogwirira chake chikuzungulira. Zitatheka zimenezo mtima unakula, ndiye ndinati ndiyese chinthu chomwe ndakhala ndikuchisirira chiyambire ndili mnyamata wophunzira ntchito: injini ya nthunzi ya Matthew Boulton ndi James Watt ya mu 1788, ija amaitcha Lap Engine, yomwe ili ku Science Museum ku London. Inkayendetsa makina opukutira zitsulo pa fakitale ya Boulton ku Soho, ku Birmingham, ndipo inagwira ntchito zaka 70.

Ndinasankha imeneyi chifukwa cha anyamata angawa. Iwo injini yomwe amaidziwa ndi ya galimoto, pomwe zonse zimachitikira mkati mwa buloko, iwe n'kumangomva phokoso. Ya Watt zonse zili pambalambanda: mtanda wa mtengo ukuwerama uku ndi uku, ndodo zikukwera, magiya akulumana, gudumu lalikulu likuzungulira. Ndikufuna aione ikuyenda, aiimitse pomwe akufuna, aizungulire mbali zonse.

Mapulani ake enieni ndilibe. Ndikugwiritsa ntchito zithunzi za pa intaneti, ndipo miyeso ndadzisankhira manambala osavuta kuwerengera. Kuchokera pa pini yapakati pa mtanda kufika kumutu kwake ndaika 2000 mm. Pisitoni iziyenda 1200 mm. Tindodo tiwiri tolendewera pa mtanda ndi ta 500 mm, kena kumutu, kena pakatikati pa theka la mtandalo.

Vuto loyamba lili pa zitsulo zolumikiza mutu wa mtanda ndi ndodo ya pisitoni, zija amati parallel motion. Ndikalumikiza mapini onse ndi Revolute (cholumikizira cha mu FreeCAD cholola chidutswa kuzungulira pa pini), pisitoni ndisanaimange, mtanda ukuyenda bwinobwino ndikaukoka ndi mausi. Koma ndikangoika Slider yoti ndodo ya pisitoni iziyenda mowongoka m'silinda, basi zonse gwa! Palibe chosuntha. Ndayezanso ndodo iliyonse katatu, ndafufuta n'kuyambiranso kawiri, chimodzimodzi.

Lachiwiri lili kumbali inayo, pa magiya awiri aja a sun and planet: yapakati yomangidwa ku gudumu lalikulu, ndi yakunja yoyenda moizungulira. Ndinawerenga kuti mtanda ukakwera ndi kutsika kamodzi, gudumu lalikulu limazungulira kawiri. Kwa ine giya yakunja ikungogubuduzika mozungulira inzake, gudumu lili phee.

Amene munadutsamo m'zimenezi, ndiunikireni.

Mphunzitsi_wa_TD

Bambo, ndodozo musaziyezenso. Simunalakwitse muyeso. Mwajambula bwino kwambiri, n'chifukwa chake zauma.

Nkhani ndi yakuti parallel motion ya Watt sitsata mzere wowongoka ndendende. Imangoyandikira. Mutati muulole mtanda upitirire kutali kuposa mmene umayendera pa injini, nsonga yomwe mwamangapo pisitoniyo ingajambule chinthu chonga nambala 8 yowonda, yaitali. Watt anangotengapo kagawo kapakati ka 8 ameneyo, komwe mzere umaoneka ngati wowongoka. Inu mwauza kompyuta zinthu ziwiri nthawi imodzi: nsonga itsate 8, komanso itsate mzere wowongoka wopanda kukhota ngakhale pang'ono. Kompyuta sidziwa kunyengerera. Yaona kuti ziwirizi sizingatheke limodzi, ndiye yangoima.

Ndatenga manambala anu n'kuwerengera. Mutu wa mtanda pawokha umayenda mokhota ngati uta. Ndi 2000 mm ndi 1200 mm zanuzo, umachoka pa mzere ndi 92 mm. Mutamangirira ndodo ya pisitoni pomwepo mwachindunji, ingapindike tsiku loyamba. Ndiye taonani nzeru yake. Kandodo kolendewera kapakati kaja, kumwamba kwake kakukokedwa ndi mtanda, womwe ukukhotera mbali imodzi. Kumunsi kwake kakukokedwa ndi ndodo ina yomangidwa pa felemu, yomwe ikukhotera mbali inayo. Kukhota kuwiriku kumadyana, ndipo pakati pa kandodoko pamatsala nsonga yoyenda pafupifupi mowongoka. Pamenepo mpomwe ankamanga ndodo ya pampu ya mpweya. Tizitsulo tina tija topanga ngodya zinayi ntchito yake ndi kukopera kayendedwe komweko n'kukakulitsa kawiri kuti kafike pa pisitoni.

Onetsetsani chinthu chimodzi: popeza kandodo kanu kali pakatikati pa theka la mtanda, ndodo ya pa felemuyo ikhale 1000 mm, yofanana ndi mtunda wochokera pa pini yapakati kufika pa kandodoko. Mukatero, n'kuika pini ya pa felemu pamalo pake, 92 mm ija imatsika kufika pafupifupi theka la milimita mbali iliyonse. Theka la milimita pa ulendo wa 1200 mm! Watt analembetsa patenti (chikalata choletsa ena kukopera luso lako) ya chinthuchi mu 1784, ndipo atakalamba analembera mwana wake kuti pa zonse zomwe anatulukira pa zamakina, chomwe ankachinyadira koposa ndi chimenechi. Ine ndimamumvetsa.

Tsono theka la milimita limenelo ndi lomwe lakuumitsirani injini. Pa injini yeniyeni linkathera m'mipata ya mapini, m'kupindika pang'ono kwa ndodo yaitaliyo, ndi pakhosi pa silinda pomwe ndodo imatulukira. Pa kompyuta palibe chopindika, palibe mpata, pokhapokha mutauika nokha.

Chitani chonchi. Chotsani Slider ili pakati pa ndodo ndi silinda. Jambulani kachidutswa kakang'ono ngati bushi, mukaike pakhosi pa silinda. Kabushiko mukamange ku chivundikiro cha silinda ndi Revolute, kuti kazitha kupendekeka pang'ono, ndipo Slider muiike pakati pa kabushiko ndi ndodo. Ndodo izidutsa pakhosipo koma ili ndi ufulu wowerama pang'onong'ono. Iyenda.

Ana anga a Fomu 4 ndimawauza kuti asanayambe kuumba zidutswa, ajambule kaye mafupa okhaokha mu Sketcher, gawo la FreeCAD lojambulira mizere, mizere ndi madontho basi, n'kumakoka. Pamenepo mumaona msanga ngati chinthu chili ndi njira yoyendera kapena mwachitsekera.

Wa_ku_Birmingham

Zomwe anena amayiwa n'zoona, ndipo ndiwonjezerepo zomwe ndinaona ndi maso.

Ine ndili kuno ku Birmingham, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, koma kumudzi ndinali makaniko. Tsiku lina lopuma ndinapita ku Thinktank, nyumba ya za sayansi ya mumzinda muno, komwe kuli Smethwick Engine, ya Boulton ndi Watt yomweyo koma ya mu 1779. Inkapopa madzi kuwabwezera kumtunda pa ngalande ya mabwato. Ndinaima pansi pake nthawi yaitali. Imeneyo ndodo ya pisitoni imalendewera pa tcheni, ndipo kumutu kwa mtanda anakupanga kokhota ngati chidutswa cha gudumu kuti tchenicho chizitsika mowongoka. Njira yosavuta, ndipo inkagwira. Koma tcheni chimakoka, sichikankha. Watt atayamba kulowetsa nthunzi mbali zonse ziwiri za pisitoni, kuti izikoka potsika n'kukankha pokwera, tcheni chinatha ntchito. Mpomwe panabadwira zitsulo zomwe zakuvutanizo, achimwene. Ndikukupemphani kuti anyamata anu muyambe mwawaonetsa ya tcheniyo, ngakhale pa pepala. Akaona vuto kaye, yankho lake adzalilemekeza.

China chomwe chithunzi sichikuuza ndi kukhakhala kwa zinthuzi. Ukaziyandikira umaona kuti ndi ntchito ya nyundo ndi tupa. Mtengo, chitsulo chosula, chitsulo chothira m'chikombole. Pisitoni ankaitseka m'mbali ndi zingwe zopota za hemp zopaka mafuta a nyama, osati maring'i ngati a masiku ano. Ngakhale silinda yozungulira bwino inali chinthu chachilendo. Watt anavutika nayo zaka zambiri mpaka John Wilkinson atapanga makina ake oboolera, cha m'ma 1775. Ndiye musaope kusiya mipata pa chojambula chanu. Injiniyo inkakhala ndi moyo chifukwa cha mipata imeneyo.

Mabawuti nawonso samalani. FreeCAD ikupatsani a M20 okongola, koma nthawi imeneyo kunalibe. Ngakhale mazinga a Whitworth, a muyeso umodzi wogwirizana, anabwera mu 1841. Kale bawuti iliyonse inali ndi nati yakeyake, ukasokoneza walira.

Makalata ndi zojambula za kampani ya Boulton ndi Watt zimasungidwa ku Library of Birmingham kuno. Ku London ndimapitako mwa apo ndi apo. Ngati pali mbali ya Lap Engine yomwe simukuiona bwino, nenani, ndikakujambulireni pa foni.

Injiniya_Wachichepere

Madala, la magiyalo ndi losavuta. Giya yakunjayo mwaiika pa pini kuti izizungulira yokha, eti? Sizitero. Imeneyo ndi yomangidwa nganganga ku ndodo yochokera ku mtanda, ngati yowotcherera. Ikani Fixed pamenepo. Imayenda mozungulira inzake koma yokha sitembenuka, nkhope yake imangoyang'ana komweko. Popeza sigubuduzika, mano ake amakakamiza giya yapakati kuti ithawe.

Yesani ndi makobidi awiri ofanana patebulo. Imodzi muiyendetse mozungulira inzake osailola kutembenuka, yapakatiyo muilole. Muona kuti yapakati yazungulira kawiri: kamodzi chifukwa cha ulendo wozungulirawo, kachiwiri chifukwa cha mano. Zimatero pokhapokha mano ali ofanana kuchuluka.

Mukafuna kulemba masamu ake kuti kanema ayende bwino: jambulani kamkono kolumikiza pakati pa magiya awiriwo. Ngodya ya giya yapakati ikhale kawiri ngodya ya kamkonoko, kuchotsapo ngodya yomwe ndodo yaitaliyo yapendekera. Kuchotsako musakuiwale, chifukwa ndodoyo imagwedezeka uku ndi uku pang'ono, ndipo giya yomangidwa pa iyo imagwedezeka nayo. Mukakusiya, mano azilowana ngati mizukwa.

Koma kunena zoona, ine ndikanakhala inu ndikanangoika kulanki wamba. Watt yemweyo anagwiritsa ntchito magiyawa pozemba patenti ya James Pickard ya mu 1780, yomwe inatseka njira ya kulanki pa injini za nthunzi. Patentiyo itatha mu 1794, kulanki inabwerera. Ku parallel motion nakonso, kuli njira ya Peaucellier ya mu 1864 yomwe imapereka mzere wowongoka weniweni, Slider yanu sikanadandaula. Bwanji kuvutika ndi zinthu zomwe eni ake anazisiya?

Fitala_wa_ku_Bangwe

Amayi aphunzitsi, Mulungu akudalitseni. Ndaika kabushi kaja usiku womwe uno ndipo mtanda wawerama, pisitoni yatsika. Ndinadzutsa mayi a kunyumba kuti adzaone. Ndodo ya pa felemu inalidi 1000 mm, koma pini yake ndinaiika patali pang'ono, ndiye ndayisendeza mpaka kupatuka kwatsika.

Mwana wanga Injiniya, za Fixed wanena zoona, gudumu layamba kuzungulira kawiri. Zikomo. Koma za kulanki ndi Peaucellier ndakana. Ndikaika zimenezo ndiye kuti ndapanga injini yanga, osati ya 1788. Ine ndakonzapo makina akale ambiri, ndipo ndinaphunzira kuti ukapeza chinthu chooneka chopusa pa makina omwe agwira ntchito zaka makumi, usathamangire kuchichotsa. Kaya ndi patenti inawakakamiza, magiyawo anapatsa gudumu liwiro lowirikiza popanda kuwonjezera china, ndipo anayenda zaka 70.

Mphunzitsi_wa_TD

Ndasangalala kuti yayenda, bambo. Pa zomwe mwamuyankha mnyamatayu ndili mbali yanu, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa mpomwe ambiri omanganso makina akale pa kompyuta amagwera.

Kompyuta imakunyengerera kuti ukonze zakale. Ukadina batani, yakupatsa mano a giya osalala, owerengeredwa mwa masamu a lero. Yakupatsa mabowo ofanana ndendende. Pomaliza umakhala ndi chinthu chonyezimira chomwe sichinakhaleko padziko. Woonera sadziwa kuti mbali iyi inachokera pa chinthu chenicheni, iyi munangoganiza, chifukwa pa sikirini zonse zimaoneka zotsimikizika mofanana. Pepala lakale likang'ambika, umaona kuti apa pang'ambika. Chojambula cha pa kompyuta sichionetsa chilonda.

A ku Science Museum komweko atafuna kumanga makina owerengera a Charles Babbage, aja a Difference Engine No. 2 omwe iye anawajambula pakati pa 1847 ndi 1849 koma osawamanga, anadziikira lamulo lakuti asapange chidutswa mosalala kuposa mmene amisiri a nthawi ya Babbage akanathera. Akanagwiritsa ntchito luso lonse la lero, makinawo akanayenda, koma funso lakuti kodi akanatheka nthawi imeneyo likanakhala losayankhidwa. Anamaliza gawo lowerengera mu 1991 ndipo linagwira. M'zojambula za Babbage anapezamo zolakwika zingapo zomwe anayenera kukonza, ndipo anazilemba poyera kuti apa tasintha.

Chitsanzo china ndi kachipangizo ka ku Antikythera, komwe kanavuulidwa m'nyanja ku Greece mu 1901, m'chombo chomwe chinamira zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Kanatsala zidutswa 82, ndi magiya 30. Gulu la ku University College London linatulutsa chojambula chake cha pa kompyuta mu 2021, chokongola zedi, choonetsa mmene kutsogolo kwake kukanayendetsera mapulaneti. Koma magiya ambiri a kutsogoloko sanapezeke m'nyanja. Anawawerengera kuchokera pa zolembedwa pa chipangizocho ndi tizizindikiro totsala. Iwo ananena zimenezi momveka. Koma chithunzicho chikamayenda pa WhatsApp, mawu aja amatsalira m'mbuyo, anthu n'kumati ndi mmene anachipezera.

Ndiye pempho langa ndi ili. Pentani zidutswa zanu mitundu itatu. Chomwe mwachiona bwino pa chithunzi cha injini yeniyeni, mtundu umodzi. Chomwe mwabwereka ku injini ina ya Watt ya nthawi yomweyo, monga ya Whitbread ya mu 1785 yomwe ili ku Sydney, mtundu wachiwiri. Chomwe mwaganiza nokha, chofiira. Kabushi kanga kaja kakhale kofiira kwambiri, chifukwa n'kongothandizira kompyuta. Miyeso yonse muiike mu Spreadsheet ya FreeCAD, pambali pa nambala iliyonse mulembe komwe mwaitenga. Tsiku lomwe mudzapeze muyeso weniweni, mudzangosintha nambala imodzi, injini yonse n'kudzikonza yokha. Ndipo popeza eni ake ankayeza ndi mainchesi ndi mafiti, mukadzapeza miyesoyo mudzailembe momwemo. Chinthu chomwe pa mamilimita chikuoneka ngati 1219.2 chimakhala mafiti 4 basi, ndipo mpomwe umayamba kumva mmene mmisiriyo ankaganizira.

Achimwene a ku Birmingham, mukakajambula, chonde imani patali n'kukoka chithunzi, osati pafupi. Foni ikayandikira imakhotetsa mizere, ndipo bambowa akayeza pa chithunzi chotero apeza ndodo yakutsogolo yatalika kuposa yakumbuyo. Mukajambule molunjika kuchokera m'mbali, ndipo m'chithunzimo mukhale chinthu chodziwika kutalika kwake.

Injiniya_Wachichepere

Ndamva, amayi. Ine ndimaganiza ngati wopanga chatsopano, pomwe madalawa akusunga chakale. Za mitundu itatuzo ndazitenga, ndiziyesa kuntchito pa makina omwe mapulani ake anatayika.

Koma ndifunseko: bwanji tonse tikuthamangira za ku England? Panja pa Chichiri Museum pali mainjini a nthunzi omwe akungokhala padzuwa ndi pamvula. Amenewo mutha kuwagwira ndi manja, kuwayeza ndi tepi, osadalira chithunzi cha munthu wina. Chauncy Maples, sitima ija inapangidwa ku Glasgow n'kubwera m'zidutswazidutswa kudzalumikizidwa kuno, n'kuyamba kuyenda pa nyanja mu 1901, nayonso poyamba inali ya nthunzi. Ndani akujambula zimenezi dzimbiri lisanamalize?

Fitala_wa_ku_Bangwe

Funso lako landilasa, mwana wanga. Ku Chichiri ndi ulendo wa minibasi kuchokera kuno, ndipo ndadutsapo kambirimbiri osaganiza zotenga tepi. Ndikamaliza ya Watt ndipita kukapempha chilolezo kwa oyang'anira, ndipite ndi anyamata, veniya ndi kope. Koma ya Watt ndiimaliza kaye, chifukwa pa iyo mpomwe ndikuphunzirira zolumikiza zinthu zoyenda.

Ndikuuzeni zomwe zachitika lero kushedi. Ndisanawaonetse laputopu, ndinawapatsa fulatiba yotsala ndi thabwa la pulayiwudi. Tadula zonse mochepetsa kakhumi: theka la mtanda 200 mm, ndodo ya pa felemu 100 mm, tolendewera 50 mm, mapini ake mabawuti a M6. Poyamba ndinamangirira pensulo kumutu kwa mtanda, monga ananenera achimwene a ku Birmingham kuti aone vuto kaye. Yajambula uta. Kenako tamanga zitsulo zonse, pensulo n'kuiika pomwe pamakhala ndodo ya pisitoni. Wamng'ono pa onse ndi amene amayendetsa mtanda. Mzere watsika wowongoka, waika rula pambali pake, osaona kusiyana. Ndinamuuza kuti apitirize kukankha kudutsa pomwe injini imalekezera. Pensulo inayamba kupatuka, kukhota, mpaka mimba ya 8 ija inayamba kuoneka pathabwa. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti munthuyo anadziwa bwanji poti alekezere. Thabwalo ndalikhoma pakhoma pamwamba pa lathe.

Ndayamba kupenta. Zofiira zachuluka kuposa mmene ndimaganizira, makamaka ku mavavu ndi kumunsi komwe kuli kondensa yoziziritsira nthunzi, chifukwa zithunzi zanga zonse anajambula mbali imodzi.

Achimwene a ku Birmingham, mukadzapita ku London, ndikupempha zithunzi zitatu. Kuseri kwa magiya awiri aja, ndione chomwe chimagwira yakunja kuti isachoke pa inzake. Pakhosi pa silinda pomwe ndodo imatulukira. Ndi pomwe ndodo ya parallel motion yamangidwa ku felemu, molunjika kuchokera m'mbali monga anenera amayi aphunzitsi. Ngati angakuloleni kuimika munthu pafupi, mundiuze kutalika kwake.